Zigoli 6 chaka china, 43 chaka chotsatira: chinasintha n'chiyani mwa William Karlsson?

Gift (Calgary): Abale anga, usiku wathawu tulo tinandikana, ndiye ndinakhala ndikubwereza pa YouTube chigoli chija cha pa 31 Malichi 2018 cha William Karlsson, wosewera hockey ya pa ayezi mu NHL, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada. Amene simunachione kachifuneni kaye musanayankhe. Vegas ikusewera ndi San Jose, ndipo Vegas ili yoperewera munthu mmodzi chifukwa wina ali ku chilango. Karlsson wathawa yekha ndi puck (kachimbale kakuda kamene amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira), wafika pamaso pa goloboyi Martin Jones. M'malo momenya monga amenyera aliyense, wakokera puck kumbuyo, ndodo waidutsitsa pakati pa miyendo yake, n'kuinyamula m'mwamba mpaka mu ukonde. Usiku umenewo Vegas inatsimikiza kuti ndiyo yoyamba m'chigawo chake cha ligi, Pacific Division. Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi: munthu ameneyu sizoni ya m'mbuyo mwake, ali ku Columbus, anamwetsa zigoli 6 zokha m'masewero 81. Atafika ku Vegas anamwetsa 43. Munthu amasintha bwanji chonchi m'miyezi yowerengeka?

Madalitso (Johannesburg): Achimwene a Gift, ena a ife tinalowa m'gulu muno posachedwa. Ine hockey imene ndikuidziwa ndi ya pa bwalo ija tinkaiona ku Blantyre. Zigoli 43 ndi zambiri bwanji m'masewero a pa ayeziwa?

Gift (Calgary): Ndi zambiri zedi, a Madalitso. Sizoni ya NHL nthawi imeneyo inali ya masewero 82. Mu 2017-18 amene anamuposa Karlsson anali awiri okha m'ligi yonse: Alex Ovechkin ndi 49, Patrik Laine ndi 44. Ndipo asanapite ku Vegas, Karlsson anali atasewera masewero 183 mu NHL, zigoli zake zonse pamodzi zinali 18.

Bambo Mbewe (Columbus): Nkhani iyi imandipweteka mpaka lero, chifukwa ine ndinali pompano nthawi imeneyo ndipo ndinkapita ku bwalo la timu yathu la Nationwide Arena ndikapeza matikiti otsika mtengo. Ndikuuzeni zoona, palibe amene analira pamene Karlsson ankachoka. Tinkamudziwa ngati mnyamata waulemu, wosachedwa kubwerera kukateteza, amene kochi wathu wa nthawiyo, a John Tortorella, ankamutuma kukazimitsa moto timu ikakhala yoperewera munthu. Ntchito yake inali imeneyo basi. Ankasewera mphindi pafupifupi 13 pa masewero, pa mzere wachitatu kapena wachinayi, ndipo kawirikawiri amalowa puck ili kale kumbali kwathu. Munthu wotere zigoli azitenga kuti?

Madalitso (Johannesburg): Mzere wachitatu ndiye kuti chiyani? Pepani, ndikufunsa zambiri.

Bambo Mbewe (Columbus): Funsani mwanawe, nafenso tinayamba choncho. Timu imakhala ndi osewera kutsogolo 12, ogawidwa m'magulu anayi a anthu atatuatatu: wapakati mmodzi, awiri m'mbali. Masewerowa ndi othamanga kwambiri moti munthu sangakhale pa ayezi nthawi yaitali. Amalowa, kusewera masekondi 45 kapena kuposerapo pang'ono, n'kutuluka ali wefuwefu, ena n'kulumphira mkati masewero ali mkati. Mzere woyamba umalowa kawirikawiri, ndipo ndi umenenso umapatsidwa mpata pamene adani ali operewera munthu, nthawi imene zigoli sizivuta kwambiri kupeza. Mzere wachinayi umadya zotsala.

Aphiri (Västerås): Ndiloleni ndiikepo mawu, chifukwa kuno anthu samunena Karlsson ngati munthu amene anagwa kumwamba mu 2017. Anabadwa mu 1993 ku Märsta, kufupi ndi bwalo la ndege la Arlanda, ndipo anakulira m'timu ya mumzinda uno wa Västerås asanapite ku timu ya HV71 ku Jönköping. Mu 2012 anali m'timu ya achinyamata ya Sweden imene inatenga golide pa mpikisano wa dziko lonse. Sizoni ya 2012-13 anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse m'ligi yaikulu ya kuno. Anaheim inamutenga pa nambala 53 mu draft ya 2011, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NHL amasankhira osewera achinyamata. Ndiye luso linalipo kale. Mnzanga wina wa kuntchito, bambo wachikulire amene wakhala akuonera timu ya kuno kuyambira ali mwana, amandiuza kuti mnyamatayu ankaoneka wodekha pa ayezi ngati alibe changu, koma puck ikafika iye anali ataona kale komwe ipite. Ku America anangomupatsa ntchito ina, iye n'kuigwira mosadandaula.

Thoko: Ine ndikutsutsani pang'ono akuluakulu. Tisathawe nambala imodzi iyi. Sizoni imeneyo Karlsson anamenya mashoti 184 olunjika pagolo, 43 n'kulowa. Ndiye kuti pa mashoti anayi alionse, limodzi limagwedeza ukonde, 23 peresenti ndi kadontho. Osewera ambiri amamwetsa chimodzi pa mashoti 9 kapena 10. Palibe munthu amene amakhala pa 23 chaka ndi chaka. Ndipo taonani zimene zinatsatira: 24 sizoni yotsatira, kenako 15, 14, 12, 14. Ine ndimati chinali chaka chimene chilichonse chimene wakhudza chimalowa. Zinachitikanso ndi Jonathan Cheechoo ku San Jose, anamwetsa 56 mu 2005-06 akusewera pambali pa Joe Thornton, kenako 37, kenako 23, kenako 12.

Gift (Calgary): Achemwali, nambala zanu ndi zoona, sindikukana. Koma ngakhale mutadula mwayiwo pakati, munthuyu akanamwetsabe zigoli zoposa 20. Kuchoka pa 6 kufika pa 20 si mwayi ayi.

Thoko: Apo ndavomera. Chimene ndimakana ndi pamene anthu amalankhula ngati 43 ndiye anali Karlsson weniweni, ndipo zaka zotsatirazo anabwerera m'mbuyo.

Bambo Mbewe (Columbus): Kuti mumvetse mmene zinthu zinalili, kumbukirani mmene anachokera kuno. Vegas inali timu yatsopano, inalipira madola 500 miliyoni kuti ilowe m'ligi, ndipo mu Juni 2017 inaloledwa kutenga wosewera mmodzi ku timu iliyonse mwa matimu 30. Timu iliyonse imaloledwa kutchinjiriza osewera owerengeka okha. Columbus inali ndi anyamata ena amene sinkafuna kuwataya, monga Josh Anderson ndi goloboyi Joonas Korpisalo. Ndiye inakambirana ndi a George McPhee, mkulu wa timu ya Vegas nthawi imeneyo: inapereka mwayi wake wosankha m'chigawo choyamba cha draft ya 2017, ndi wa m'chigawo chachiwiri cha 2019, kuti Vegas isenze kontirakiti ya David Clarkson amene anali wovulala, ndiponso kuti itenge Karlsson m'malo mwa enawo. Mwamva? Tinawalipira kuti amutenge. Pa 31 Disembala chaka chomwecho ndinakhala pabalaza panga ndikumuona akumwetsa zigoli zitatu pa masewero amodzi ndi Toronto, koyamba m'mbiri ya timu ya Vegas. Mayi a kunyumba anandifunsa kuti bwanji mwakhala chete, ine ndinalibe choyankha.

Aphiri (Västerås): Ndipo si Columbus yokha. Anzake awiri amene ankasewera nawo mzere umodzi anachokera ku Florida m'njira yofananayo. Jonathan Marchessault anali atangomwetsa zigoli 30, Florida n'kumusiya osamutchinjiriza. Reilly Smith anamupereka posinthana ndi mwayi wosankha m'chigawo chachinayi. Ngakhale kochi wawo, a Gerard Gallant, anali atachotsedwa ntchito ku Florida komweko mu Novembala 2016. Osewerawo ankadzitcha okha Golden Misfits, kutanthauza anthu amene kwawo anaoneka kuti alibe malo.

Gift (Calgary): Pamenepo ndi pamene ine ndimaona yankho. Atatu amenewa ankakwanirana. Marchessault ndi wamfupi, waliwuma, amakonda kumenya shoti ndi kukanganira puck. Smith ndi wanzeru, amadziwa kulanda puck mwakachetechete n'kupereka pasi yoyera. Karlsson pakati amatseka mabowo onse, ndiye awiriwo amatha kupita kutsogolo opanda mantha. Puck ikalandidwa, onse atatu amatembenuka nthawi imodzi. Zigoli zambiri za Karlsson chaka chimenecho sizinali mizinga yochokera kutali ayi, zinali za pafupi ndi golo, atafika pamalo pa nthawi yake goloboyi akuyang'ana kwina. N'chifukwa chake peresenti imene a Thoko akunena inakwera chotero. Mphindi zake zinachoka pa 13 kufika kupitirira 18. Komanso a Gallant sanali munthu wokhazika wosewera pa benchi chifukwa cha kulakwitsa kumodzi. Wosewera akadziwa kuti ndikaphonya ndilowanso, manja amamasuka. Chigoli cha pakati pa miyendo chija munthu wamantha sangachiyese, makamaka timu ili yoperewera.

Mayi a Takondwa (Winnipeg): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa mwandikhudza. Choyamba, kuno dzina la Vegas silimveka bwino, chifukwa ndi amene anatitulutsa mu 2018 titangotsala pang'ono kufika mu fainolo, mzinda wonse utavala zoyera. Koma si zimene ndalembera. Takondwa wanga ali ndi zaka 13, chino ndi chaka chachinayi akusewera. Loweruka lililonse timadzuka 5 koloko m'mawa, kunja kuli mdima ndi chisanu choluma m'mafupa, chikwama chake cha zida chikununkha thukuta ngakhale ndichiyanike motani. Ndimakhala pa benchi yozizira ija ndi tiyi wanga m'fulasiki, ndikuwerenga kuti walowa kangati. Sabata yatha analowa kasanu kokha masewero onse. Akochi ake amati ndi mwana wodalirika poteteza, ndiye amamulowetsa pamene timu ili pa mavuto basi. Pobwerera m'galimoto anangoyang'ana pawindo, kenako anati, "Amayi, mwina ine si wogoletsa." Mtima wanga unasweka. Ndiye pamene mukunena za Karlsson ku Columbus, ine ndikuona mwana wanga.

Bambo Mbewe (Columbus): Pepani mayi. Mawu a mwanayo andilasa. Koma mumuuze kuti zimene akuphunzira panopa sizikupita pachabe. Ine ndimakhulupirira kuti zaka ziwiri zimene Karlsson anakhala pansi pa a Tortorella, akuphunzira kuima pamalo oyenera ndi kuwerenga maganizo a adani, ndi zimene zinachititsa kuti a Gallant asaope kumusiya pa ayezi nthawi iliyonse. Sizoni ya zigoli 43 ija, iye ali pa ayezi timu yake inamwetsa zigoli 49 kuposa zimene inamwetsedwa (osawerengera zigoli zomwetsedwa timu imene ili yoperewera munthu), ndipo palibe wina m'ligi yonse anafika pamenepo. Kuteteza kuja sanakusiye pakhomo polowa ku Vegas.

Thoko: Ine ndinena mosiyana pang'ono ndi bambo Mbewe, mundikhululukire. Tisamutonthoze mwana ndi nkhani yoti dikira, tsiku lako lidzafika. Karlsson anapulumuka chifukwa kunabadwa timu yatsopano imene inalibe mwini malo. Pali osewera angati amene anathera pa mzere wachinayi chifukwa Vegas yawo sinabwere? Mwana wa zaka 13 ayenera kugwira puck, kulakwitsa, kuyesanso. Mayi a Takondwa, kalankhuleni ndi akochiwo mwaulemu, muwafunse chimene mwana ayenera kuonetsa kuti apatsidwe mpata kutsogolo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Akapanda kuyankha zomveka, chaka chamawa mufune timu ina, ngakhale ya gulu lotsikirapo, kumene azisewera kwambiri.

Aphiri (Västerås): Ndikugwirizana ndi a Thoko pa mfundo ya kugwira puck. Kuno bwalo la ayezi ndi lotambalala mamita 30 pamene la NHL ndi 26, ndiye ana amakula ali ndi malo oganizira ndi kupatsirana. Ndimakhulupirira kuti kudekha kwa Karlsson kunachokera kumeneko. Komanso ana ambiri kuno amathera maola pa ayezi wa panja m'nyengo yozizira, popanda kochi, popanda wowawerengera zolakwa. Kwanu ku Winnipeg malo otere ndi ambiri. Muzimusiya apite ndi anzake madzulo, akayese zinthu zimene sangayese akochi akuona.

Mayi a Takondwa (Winnipeg): Alipo malo otere kuseri kwa sukulu yawo. Ndimamuletsa chifukwa choopa kuzizira ndi homuweki. Ndiganizanso bwino.

Chikondi (Toronto): Ndachedwa kulowa, ndinali ku ntchito ya usiku. Ndikufuna kuwonjezera chitsanzo china chothandiza mbali ya a Gift. Tage Thompson ku Buffalo, munthu wamtali pafupifupi mamita awiri, anthu anali atamutaya kale. Mu 2020-21 anamwetsa 8. Kochi Don Granato anamuchotsa m'mbali n'kumuika pakati, sizoni yotsatira anamwetsa 38, inayo 47. Munthu yemweyo, ndodo yomweyo. Kusiyana kwake ndi Karlsson n'koti Thompson ali ndi shoti yoopsa imene imalowa ngakhale kuchokera kutali, ndiye zigoli zake zinapitirira kuchuluka. Karlsson mphamvu yake ili m'mutu ndi m'miyendo.

Madalitso (Johannesburg): Ndiye funso langa ndi ili: timu ya Vegas inaona bwanji? Inamulipira ngati munthu wa zigoli 43 kapena wa zigoli 20?

Gift (Calgary): Funso labwino. Nawonso anali ndi nkhawa ya a Thoko. M'chilimwe cha 2018 anangomupatsa kontirakiti ya chaka chimodzi, madola 5.25 miliyoni, kuti aone kaye. Atamwetsa 24, mu Juni 2019 anasainirana ya zaka 8, madola 5.9 miliyoni pa chaka. Munthu womwetsa 40 chaka chilichonse akanalandira zoposa pamenepo kutalitali. Ndiye mbali zonse ziwiri zinagwirizana kuti iye ndi wapakati wogwira ntchito mbali zonse, wa zigoli 20 kapena kuposerapo zinthu zikayenda.

Bambo Mbewe (Columbus): Ndipo kwa ine kukula kwake kwenikweni kunaoneka mu 2023, osati mu 2018. Mu 2018 anafika mu fainolo, Washington ya Ovechkin n'kuwagonjetsa masewero anayi kwa amodzi. Kenako zinthu zinasintha. A Gallant anachotsedwa mu Januwale 2020. Mu Novembala 2021 kunabwera Jack Eichel kudzatenga malo a wapakati woyamba. Taganizani, munthu amene unali nyenyezi ya timu, ukuuzidwa kuti tsika, ukagwire ntchito ija unkagwira ku Columbus. Ambiri akanatupa mtima kapena kupempha kuchoka. Iye anatsika. M'masewero a chikho a 2023 kochi wawo a Bruce Cassidy ankamutuma kukalimbana ndi Connor McDavid, nyenyezi ya Edmonton, pamene ankasewera ndi timuyo, ntchito imene palibe amaifuna, ndipo pamwamba pa zimenezo anamwetsa zigoli 11 m'masewero a chikhowo. Pa 13 Juni 2023 anagonjetsa Florida 9-3 n'kunyamula Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL.

Chikondi (Toronto): Usiku umenewo a Cassidy anayambitsa masewero ndi asanu mwa anthu a timu yoyamba ija: Karlsson, Marchessault, Smith, Brayden McNabb ndi Shea Theodore. Ndinagwetsa misozi, ngakhale Vegas si timu yanga. Ndipo anagonjetsa Florida yomwe ija inataya awiri mwa iwo.

Thoko: Kenako mu 2023-24, ali ndi zaka 31, anamwetsanso 30. Apa ndiye ndinasiya kunena kuti zinali za mwayi wokha. Koma pa 43 paja sindisintha, panali mphepo yomukankha kumsana.

Gift (Calgary): Tagwirizana theka, achemwali, ndipo ine zandikwanira. Chinanso chimene sitinatchule: chaka cha zigoli 43 chija anakhala ku chilango mphindi 12 zokha sizoni yonse, n'kulandira Lady Byng, mphoto ya wosewera waluso amene amasewera mwaulemu. Munthu wolanda puck kwa adani usiku uliwonse koma osakola mwendo wa munthu kapena kukoka jezi, ndiye kuti miyendo yake imafika pamalo nthawi isanathe.

Aphiri (Västerås): Ndipo dzina lake lomutchulira lija la Wild Bill anamupatsa mwanthabwala ali ku Anaheim, poti "wild" ndi munthu wolusa pamene iye anali wofatsa, wosalankhulalankhula. Kuno anthu ofatsa chotero ndi ambiri, ndipo ndimaona kuti m'timu munthu wotere sachedwa kuiwalika chifukwa sapita kukagogoda pa chitseko cha kochi.

Mayi a Takondwa (Winnipeg): Aphiri, mwafotokoza Takondwa ndendende. Sangapite yekha kukafunsa, ndikumudziwa. Ndawalembera akochi uthenga tsopano lino, ndawapempha kuti tionane Lachinayi akamaliza zokonzekera, ndipo ndidzapita naye mwanayo kuti amve yekha yankho lawo. A Gift, nditumizireni kanema wa chigoli chija ku inbox, ndikufuna aone akabwera ku sukulu. Koma ndimuuza kuti ayambe waona kaye mmene munthuyo amabwererera kumbuyo.

Gift (Calgary): Ndatumiza mayi, pamodzi ndi wina wa masewero a Edmonton a 2023. Mumuuze ayang'ane nambala 71 pamene puck ili kwa adani, aone pamene ndodo yake imagona pa ayezi. Lachinayi madzulo mudzatiuze zimene akochiwo anena.

Mayi a Takondwa (Winnipeg): Ndalandira, zikomo achimwene. Nsapato zake zoyendera pa ayezi ndikanoletsa mawa, Loweruka ali ndi masewero 7 koloko m'mawa.